WOWETA NSOMBA AYAMBE WASAMALA MADZI

Nkhani yolankhulidwa pa wailesi kwa alimi ndi mafumu a m'boma la Zomba

 Lero tikambirana za nsomba zimene mukuweta m'madamu. Ambiri a inu mwakumba madamu m'madimba mwanu, makamaka ku Chingale ndi m'mbali mwa mitsinje yotsika m'phiri la Zomba. Kukumba damu ndi ntchito yowawa, ndipo palibe munthu angakondwe kupeza nsomba zake zitayandama, mimba kumwamba, kutangotsala mwezi umodzi kuti akolole. Tsono mau anga ndi awa: nsomba zikadwala kapena kufa m'damu, kawirikawiri mlandu uli pa madzi. Mbuzi ikaona kuti khola laipa imatha kuthyola mpanda, koma nsomba ilibe kothawira. Imadya m'madzimo, imapuma m'madzimo, ndipo madziwo akaipa imafera momwemo.

Choyamba, dziwani kuti mtundu uliwonse wa nsomba uli ndi madzi ake. M'chaka cha 1906 Azungu anabweretsa m'dziko muno nsomba yotchedwa trout, ndipo inakhazikika mu mtsinje wa Mulunguzi pamwamba pa phiri la Zomba chifukwa madzi a kumeneko ndi ozizira ndi othamanga. Mutaitsitsira m'damu la kuchigwa, ifa ndi kutentha. Nsomba zoyenera madamu athu ndi makumba, chilunguni, chambo ndi mlamba, zimene zimakula bwino madzi akafunda madigiri 25 mpaka 30. Boma linatsegula malo oyeserapo ulimi wa nsomba ku Domasi, ndipo pofuna mbeu ya nsomba funsani kumeneko kapena kwa mlangizi wa za nsomba wa kwanuko. Musamangotola tiana ta nsomba mumtsinje, popeza simudziwa mtundu wake ngakhale matenda amene tanyamula.

Chachiwiri ndi maonekedwe a madzi. Madzi oyera mbee ndi abwino mumtsuko, koma m'damu ndi madzi a njala. Madzi abwino a nsomba amaoneka obiriwira, chifukwa muli timbeu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso kamodzikamodzi, ndipo makumba amadya timeneto. Timbeuti timamera mukathira manyowa a nkhuku, a mbuzi kapena a ng'ombe. Mangani kampanda ka nsungwi pangodya imodzi ya damu ndi kuika manyowawo m'menemo kuti azisungunuka pang'onopang'ono.

Muyeso wake uli pa mkono wanu. Pisani mkono m'madzi, chikhatho chitayang'ana kumwamba. Chikhatho chikabisika madzi atafika m'chigongono, damu lanu lili bwino. Mukachionabe mkono wonse utalowa, onjezani manyowa. Chikabisika madzi asanapitirire pamfundo ya dzanja, manyowa achuluka, lekani kuthira. Koma madzi ofiira ndi matope ndi nkhani ina: amenewo amatsekereza dzuwa ndipo amatseka makha a nsomba. Kumbani ngalande kumtunda kwa damu kuti madzi a mvula ochokera m'munda azilambalala, ndipo bzalani udzu pa zipupa za damu.

Chachitatu ndi mpweya. Nsomba zimapuma mpweya umene uli m'madzi. Masana, dzuwa likuwala, timbeu tobiriwira tija timatulutsa mpweya wabwino. Usiku timaleka, ndipo timayamba kupuma mpweya womwewo pamodzi ndi nsomba, nazonso zinthu zoola pansi pa damu zimaudya. Chifukwa chake nthawi yoopsa ndi mbandakucha, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala pamene madzi achepa, ndiponso kukachita mitambo masiku angapo. Muzipita ku damu lanu mamawa musanapite kumunda. Mukapeza nsomba zitasonkhana pamwamba, zikuyasamula kukamwa ngati zikumwa mphepo, dziwani kuti mpweya watha. Tsegulani madzi atsopano nthawi yomweyo, ndipo tsiku limenelo musazipatse chakudya kapena kuthira manyowa. Musanyengedwe poona mlamba uli wamphamvu. Mlamba umatha kupuma mpweya wa kunja, kotero umatsala wamoyo makumba onse atatha.

Chachinayi ndi chakudya. Alimi ena amaganiza kuti akakhuthula madeya ambiri nsomba zikula msanga. Madeya otsala amamira, amaola, ndipo amatha mpweya uja. Perekani pang'ono, kawiri pa tsiku, pa malo amodzi omwewo, ndipo imani muone m'mene zikudyera. Mukaona madeya a dzulo akali kuyandama, chepetsani. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi nsomba zimadya pang'ono, tsono inunso chepetsani dzanja. Chilunguni chimakonda masamba ofewa monga a mbatata, a maungu ndi a chisoso. Koma masamba a ombwe, umene ena amati mthuthu, asagwere m'damu ngakhale pang'ono. Ombwe ndi wabwino pobwezera chonde m'munda, koma ndi ululu wopha nsomba.

Chachisanu ndi kuchuluka kwa nsomba. Ikani nsomba ziwiri kapena zitatu pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Damu la mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi lingalandire tiana 400 mpaka 600. Makumba amaswana msanga, ndipo mukawalekerera damu limadzaza ndi tinsomba tokwinimbira, monga chimanga chosapatulira. Kololani pakapita miyezi isanu ndi umodzi. Mukatha kukolola phwetsani damu, liume mpaka matope ang'ambike, ndipo ngati mungathe wazani laimu musanalowetsenso madzi.

Pobweretsa tiana ta nsomba, yendani mamawa kusanatenthe. Mukafika musatikhuthule msangamsanga. Khazikani ndowa m'damumo kanthawi, muzithiramo madzi a m'damu pang'onopang'ono mpaka madzi a m'ndowa afanane ndi a m'damu, kenaka pendeketsani ndowayo kuti tituluke tokha. Kusintha madzi mwadzidzidzi kumapha tiana tambiri, ndipo mwini wake amanamizira wogulitsa.

Tsopano ndilankhule ndi inu mafumu ndi anyakwawa, popeza pali zina zimene mlimi mmodzi sangathe kuziletsa yekha. Madzi olowa m'damu amayamba adutsa m'manja mwa anthu a kumtunda. Munthu mmodzi akatsukira mu ngalande mpope wopopera thonje kapena matimati, madamu onse a kumunsi angathe tsiku limodzi. Chimodzimodzi kuchapiramo masikito onyikidwa m'mankhwala, pakuti mankhwala opha udzudzu amaphanso nsomba, ndipo tinkhanu ndi tizilombo ta m'madzi timene nsomba zimadya sitichedwa kutha nawo. Kuthira katupe mumtsinje ndi koletsedwa ndi malamulo a Boma. Madzi akatayika saoleka, ndipo mlandu wa nsomba zakufa ndi wovuta kuweruza chifukwa ululu umakhala utapita kale ndi madzi. Ndi bwino kuitanitsa msonkhano zisanachitike, ndi kupatula malo ochapira ndi otsukira mipope kutali ndi ngalande.

Tetezaninso mitengo ya m'mbali mwa phiri ndi m'magwero a mitsinje. Mitsinje ya Domasi, Mulunguzi ndi Likangala imachokera m'phiri limeneli, ndipo madzi ake amakathera m'nyanja ya Chilwa. Nyanjayi inaphwa mu 1968 ndiponso mu 1995, ndipo matemba anasowa m'misika. Chaka chotere mudzi umene uli ndi madamu umadyabe ndiwo, koma damu silingakhale ngati kasupe wake wauma.

Pomaliza, pali nthenda ya zilonda zofiira pa thupi la nsomba, imene inapezeka koyamba m'dziko muno ku Mchinji mu 2020. Imafala ndi nsomba zodwala, ndi madzi osefukira, ndiponso ndi maukonde onyowa ochoka damu lina kupita lina. Mukaona nsomba ya zilonda, musaigulitse ndipo musaitaye mumtsinje. Ikwirireni pansi, ndi kukauza mlangizi tsiku lomwelo. Ukonde wobwereka uyanikeni padzuwa uume gwa musanaulowetse m'damu lanu. Lambulaninso udzu wa m'mphepete mwa madzi, chifukwa m'menemo mumabisala ng'azi ndi nkhono zofalitsa likodzo.

Tsono mawa m'mawa, musanatenge khasu, pitani ku damu lanu. Yang'anani ngati nsomba zili pamwamba, pisani mkono muone mtundu wa madzi, ndipo tsatani ngalande yanu mpaka kumene ikuchokera. Chimene mungachipeze chosalongosoka, kambiranani ndi a mfumu ndi mlangizi wanu sabata isanathe.