MSANA WA MLIMI NDI ANTHU OWONGOLA MAFUPA

Madzulo ano tikambirane za msana.

Palibe mlimi wa fodya wosadziwa kuwawa kwa msana. Fodya ndi mbeu yoweramitsa munthu chaka chonse: kutunga madzi a ku nazale m'mawa ndi madzulo, kuunga mizere nthaka ikali gwa, kuokera, kubandira, kuthyola masamba a m'munsi, kukhala tsiku lathunthu m'chigafa kusoka ndi kusankha, ndipo potsiriza kukweza belo la makilogalamu ngati 100 pa lole yopita ku okushoni ku Chinkhoma. Tsono ndalama zikafika m'manja, munthu aganiza kuti, "Ndikakonzetse msana wanga." Ndipo ofuna kumkonzera sasowa ai.

Ena a inu amene munapita ku Joni munaona zikwangwani za asing'anga otchedwa chiropractor. Ena mwaona pa foni munthu atagonekedwa pa kama, wina namkankha pamsana mwadzidzidzi mpaka kumveka kuti khwa! Kwathu kuno asing'anga otere ndi osowa, koma otikita ndi oponda msana alipo m'midzi, ndipo ena a iwo alonjeza zomwezo. Kodi kuwongola msana kumeneku kuthandiza? Kodi kuyenera ndalama zache?

Ntchito imeneyi inayamba mu 1895 ku Davenport, m'dziko la America. Mwini wache, D. D. Palmer, sanali dotolo. Iye ananena kuti anatsegula makutu a munthu wogontha pomkankha fupa la pamsana, ndipo anaphunzitsa kuti pafupifupi matenda onse achokera ku mafupa a msana amene asuntha pa malo pache. Chiphunzitso ichi anthu ofufuza sanachipezere umboni. Ngakhale kulira kuja kuti khwa sikutanthauza kuti fupa labwerera m'malo. Ndi mpweya chabe wa m'madzi a m'mfundo, monga mumvera pokoka zala zanu.

Koma tisawanyoze msanga. Lero ku South Africa asing'anga amenewa aphunzira zaka zambiri ku Durban ndi ku Johannesburg, ndipo alembedwa m'kaundula. Ndi bwino kuti ntchito yao tiiyese monga tiyesera mbeu yatsopano: mbali ina ya munda mbeu iyi, mbali ina mbeu ina, ndipo sikelo idzanena pokolola.

Anachita chomwecho ku Seattle, ku America, ndipo zotsatira zache zinasindikizidwa mu 1998. Anatenga anthu 321 odwala msana nawagawa patatu mwa maere. Ena anapita kwa chiropractor, ena kwa ophunzitsa mafizo, ndipo otsalawo anangopatsidwa kabuku kofotokoza za msana. Patapita mwezi, opita kwa chiropractor ndi a mafizo anali chimodzimodzi, ndipo anaposa a kabuku aja pang'ono pokha. M'chaka chotsatira panalibe kusiyana pa masiku amene anthu analephera kupita ku ntchito, kapena pa kubwereranso kwa ululu. Kusiyana kunali pa thumba. M'zaka ziwiri, munthu mmodzi wa kwa chiropractor anadya madola 429, wa mafizo 437, wa kabuku 153.

Ku Britain anayesanso ndi anthu 1,334, nalengeza mu 2004. Iwo anali ndi mafunso 24 ofunsa wodwala, monga akuti kodi abvutika pobvala, poyenda, potembenuka pogona. Amene anawongoledwa msana anapeza bwino kuposa anzao pa mafunso osakwana awiri patapita miyezi itatu, ndi pa funso limodzi patapita chaka. Ofufuzawo anati phindu ili, ngakhale ndi lochepa, liyenera mtengo wache. Koma kumbukirani kuti kumeneko alikunena za ndalama za Boma lao, limene lilipirira odwala. Inu mudzalipira nokha, ulendo uliwonse, pamodzi ndi ya basi, ndipo chithandizo ichi sichitha ndi ulendo umodzi.

Mu 2019 akatswiri anasonkhanitsa mayeso 47 okhudza anthu 9,211 a msana wokhalitsa. Anapeza kuti kuwongola msana kuthandiza mofanana ndi njira zina zobvomerezeka, monga mafizo. Sikuposa. Chifukwa chache bungwe la za umoyo la dziko lonse, WHO, mu 2023 linakuika pakati pa njira zimene wodwala angathe kupatsidwa pamodzi ndi uphungu ndi mafizo. Bungwe lomwelo linakana malamba omanga m'chiuno ndi makina okoka msana.

Pa matenda ena nkhani yache ndi yaifupi. Ku Canada, mu 1998, anayesa ana a mphumu: ena anawongoledwa msana zenizeni, ena mongoyerekeza. Mphumu sinasiyane. Tsono munthu akakuuzani kuti adzachiza mphumu, shuga kapena kusabereka pokukankhani pamsana, gwirani thumba lanu mupite.

Tsopano mvetsani bwino, pakuti apa ndi pamene pali moyo. Msana wowawa chifukwa cha khasu ndi belo kawirikawiri upola wokha m'masabata ngati 6, malinga munthu asangogona pa mphasa. Ayende, agwire ntchito zopepuka, athowe ndi madzi ofunda. Mkazi kapena mwamuna wache akamtikita bwino, palibe choipa. Koma kuno kwathu kuli msana wina umene madera a Seattle sauona kawirikawiri. Chifuwa chachikulu, TB, sichikhala m'mapapo mokha. Chimalowanso m'mafupa a msana ndi kuwadya pang'onopang'ono monga chiswe chidyera mzati wa chigafa: kunja mzati uoneka wabwino, m'kati muli dothi. Munthu akaponda kapena kukankha msana wotere, fupa lingathe kufumphuka ndi kufinya mtsempha waukulu, ndipo miyendo ingafe.

Zizindikiro zache ndi izi. Ululu wosaleka ngakhale mutagona, makamaka usiku. Kuonda, kutentha thupi ndi thukuta la usiku. Chotupa kapena kalinunda kotuluka pamsana. Dzanzi kapena kufooka kwa miyendo. Koposa zonse, kulephera kukodza kapena kudziipitsira osadziwa. Ichi sichidikira kuti kuche kawiri, pitani ku chipatala tsiku lomwelo. Amene muli ndi kachilombo ka HIV, amene munagwa pa denga la balani kapena pa ngolo, ndi agogo amene mafupa ao apepuka, musalole munthu kukukankhani pamsana dotolo asanakuoneni. Khosi nalonso musalipereke kuti alipotoze mwamphamvu. Sizichitika kawirikawiri, koma alipo amene anafa ziwalo mtsempha wa magazi wa m'khosi utang'ambika.

Yambirani ku chipatala chaching'ono cha kwanuko. Akaona kuti ndi kofunika adzakutumizani ku chipatala cha boma ku Kasungu, kumene angathe kujambula msana, ndipo zikakula pali Kamuzu Central ku Lilongwe. Mankhwala a TB m'zipatala za Boma ndi aulere, koma a TB ya msana amwedwa miyezi yambiri, ndipo osaleka panjira poona kuti ululu wachepa.

Kunena za belo lija, musalinyamule nokha pofuna kuonetsa mphamvu kwa anyamata. Itanani anzanu, mupinde maondo, katundu akhale pafupi ndi thupi. Eni minda, ikani thabwa lotsetsereka kumbuyo kwa lole kuti mabelo azikunkhunizidwa, pakuti tenanti wothyoka msana mu April sadzathirira nazale mu September.

Sabata la mawa, nthawi yomwe ino, tidzakamba za chizungulire ndi kusanza kumene kumagwira anthu othyola fodya wonyowa ndi mame. Tsalani bwino nonse.