Khomo la Banja ndi Mtsinje wa Mzinda: Phunziro Lochokera ku Ilala



Dzina lakuti Ilala si lachilendo m'makutu a Amalaŵi. Ndilo dzina la sitima imene amishoni a Livingstonia analoŵa nayo m'nyanja mu Okutobala 1875, ndipo analitenga ku dera lija la m'dziko la Zambia kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873. Koma Ilala wa m'nkhani ino ndi wina. Iyeyu ndi boma la pakati pa mzinda wa Dar es Salaam ku Tanzania, kumene kuli bwalo la ndege la Julius Nyerere ndiponso msika waukulu wa Kariakoo, umene amalonda ambiri a ku Malaŵi amapitako kukapikula katundu podzera pa Songwe ndi Mbeya. Dzina la msikawo linachokera ku gulu la Carrier Corps, ndiwo amtengatenga a pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ntchito yoŵaŵa imene amuna ambiri a dziko lino anaisenzanso. Pa kalembera wa 2022 boma la Ilala linapezeka ndi anthu oposa 1,600,000, ndipo mzinda wonse wa Dar es Salaam oposa 5,300,000.

Chifukwa chobweretsera Ilala pamaso pa Sinodi ndi ichi: mabanja a mpingo akusamukira ku matauni chaka ndi chaka, ndipo zimene zikuoneka ku Ilala lero ndizo zayamba kale kuoneka ku Ndirande, ku Mtandire ndi ku Chinsapo. Akulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire, maŵa adzazima zako. Tsono nkhani ino iona zinthu zinai zimene banja lililonse limakhudza tsiku ndi tsiku, ndizo zinyalala, moto, madzi ndi ndiwo.

Zinyalala ndi mtsinje

Pakati pa Ilala pamadutsa mtsinje wa Msimbazi, umene umachokera ku mapiri a ku Pugu ndi kukathira m'nyanja ya mchere. Anthu ambiri a mumzindawo amakhala m'malo amene anamangidwa popanda mapulani, kumene galimoto lotola zinyalala silingathe kuloŵa. Chifukwa chake zinyalala zimatayidwa m'ngalande ndi m'mphepete mwa mtsinje, ndipo mvula ya masika ikafika, kuyambira Malichi kufikira Meyi, madzi amapeza njira zao zitatsekeka. Mu Disembala 2011 madzi anasefukira m'chigwa cha Jangwani, anthu pafupifupi 40 anafa, ndipo mabanja ambiri anasamutsidwira kutali ku Mabwepande. Mu Ogasiti 2015 kolera inabuka mumzindawo, kotero kuti Pulezidenti John Magufuli anaimitsa chikondwerero cha ufulu cha pa 9 Disembala chaka chomwecho, nalamula kuti anthu atenge matsache ndi kusesa. Pa 1 Juni 2019 boma la Tanzania linaletsa majumbo apulasitiki onyamuliramo katundu.

Koma lamulo limagwira chinthu chimodzi chokha, pamene dzala la banja lili ndi zinthu zambiri. Gawo lalikulu la zinyalala za panyumba ndi zoola: makoko, masamba, mkute ndi phulusa. Zimenezi zikasakanizika ndi mabotolo, zitini ndi mateŵera zimasanduka katundu wolemera ndi wonunkha, wofunika kunyamulidwa ulendo wautali kukatayidwa ku dzala lalikulu la ku Pugu Kinyamwezi. Ku Bonyokwa, dera lina la Ilala, bungwe la Nipe Fagio, dzina lotanthauza kuti ndipatseni tsache, linagwirizana ndi otola zinyalala kuti banja lililonse lizipatula zinyalala zake pakhomo pomwepo: zoola pazokha, zogulitsika pazokha, zoopsa pazokha, ndi zotsala pazokha. Zoola zimapangidwa manyowa, zogulitsika zimapatsa otolawo ndalama, ndipo chopita ku dzala chimakhala chochepa. Ntchito yeniyeni pamenepa imachitika m'khitchini, pa nthaŵi ija mai kapena mwana wagwira makoko a nthochi m'manja ndi kusankha poti awaponye. Zofunika zake ndi ndowa yakale, thumba limodzi kapena aŵiri, ndi chizoloŵezi.

Moto wophikira

Mu 2009 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inayerekeza kuti dziko la Tanzania limatentha makala okwana matani pafupifupi 1,000,000 pa chaka, ndi kuti theka lake limathera mu Dar es Salaam. Nkhalango za Pugu ndi Kazimzumbwi, zimene zili pakhomo penipeni pa mzindawo, zinaonongeka kwambiri ndi nkhwangwa za ootcha makala. Phiri likameteka madzi a mvula salowerera pansi, koma amathamangira kuchigwa atasenza mchenga, ndipo mchengawo ukadzaza mtsinje madzi amaloŵa m'nyumba za anthu. Motero mbaula ya ku Buguruni ndi chigumula cha ku Jangwani ndi nkhani imodzi. Anthu a ku Blantyre safunika kuuzidwa zimenezi, pakuti anaona ndi maso ao zimene matope ochokera m'phiri la Soche anachita ku Chilobwe pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.

Mu Meyi 2024 Pulezidenti Samia Suluhu Hassan anakhazikitsa ndondomeko yofuna kuti pofika 2034 anthu 80 mwa 100 alionse aziphikira gasi, magetsi ndi njira zina zosafuka utsi. Cholinga nchabwino, komatu banja limene limagula makala a kachitini tsiku lililonse silingadikire 2034. Pali zinthu zitatu zimene manja a pabanja angathe kuchita msanga.

Choyamba ndi mbaula yomatidwa dongo m'kati. Amisiri a ku Gerezani, m'boma lomwelo la Ilala, akhala zaka zambiri akusula mbaula, ndowa ndi zipangizo zina kuchokera ku migolo ndi malata otayidwa, monga achitira anzao a pa msika wa Ndirande. Mbaula ya chitsulo chokha imataya kutentha m'mbali, pamene ya dongo imakusunga ndi kukulozetsa ku mphika, ndipo thumba la makala limakhalitsa. Kumudzi, kumene anthu amaphikira nkhuni, mbaula ya Chitetezo imagwira ntchito yomweyo.

Chachiŵiri ndi makala oumba. Pansi pa thumba lililonse pamatsala fumbi ndi zinyenyeswa zimene ambiri amangozisesa. Zimenezi zikapondedwa, ndi kusakanizidwa ndi phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa kapena ndi dothi pang'ono la pachulu, zimaumbika timibulu ndi manja kapena ndi kachitini, ndipo zikauma bwino padzuŵa zimayaka mosathamanga. Ana angathe kuthandiza ntchito imeneyi Loŵeruka masana.

Chachitatu ndi dengu lophikira popanda moto. Dengu lalikulu limayalidwa m'kati ndi nsanza zochapa, thonje kapena udzu wouma, ndi kusiya malo okwana mphika, ndipo pamwamba pamaikidwa kapilo kochindikala. Nyemba zoviikidwa usiku zikaŵira ndithu pamoto kwa kanthaŵi, mphika umaphulidwa uli chivundikire ndi kuikidwa m'dengumo, ndipo zimapsa zokha ndi kutentha kwao pamene mai ali ku msika kapena ku msonkhano wa amai. Pa zonsezi chenjezo ndi limodzi: mbaula yoyaka isagone m'chipinda chotseka, chifukwa makala amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha.

Madzi a padenga

Dar es Salaam imalandira mvula yopitirira pang'ono mamilimita 1,000 pa chaka, komabe m'madera ambiri a Ilala mabanja amagula madzi a m'zigubu kwa anyamata okankha ngolo. Masamu ake ndi apafupi: milimita imodzi ya mvula ikagwa pa denga la mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imapereka lita imodzi ya madzi. Denga la mamita 6 m'litali ndi 5 m'lifupi lingathe kulandira malita pafupifupi 30,000 pa chaka. Madzi onsewo amagwera pabwalo, nakumba msewu, nathamangira ku Msimbazi. Lata lakale lopindidwa ngati ngalande ndi kumangiriridwa m'mphepete mwa denga, pamodzi ndi mgolo wotsukidwa bwino, zimasandutsa gawo la madziwo kukhala ochapira, osambira ndi othirira. Madzi a mvula yoyamba asiyidwe atsuke denga, ndipo akumwa aŵiritsidwe kapena athiridwe mankhwala. Mgolo ukhale wovundikira nthaŵi zonse, popeza udzudzu wofalitsa matenda a dengue, amene anavuta mumzindawo mu 2014 ndi mu 2019, umaswana m'madzi oyera osungidwa m'ziŵiya. Pafupi ndi chimbudzi pakhale mpondagiya, amene safuna china koma kachigubu, chingwe, timitengo ndi sopo kapena phulusa.

Ndiwo za pakhomo

M'chigwa cha Msimbazi muli madimba ambiri a bonongwe, amene eni dziko amamutcha mchicha, ndipo mabanja ambiri amapezerapo chakudya ndi ndalama za sukulu. Koma mtsinjewo umalandiranso zonyansa za m'mafakitale ndi za m'zimbudzi, ndipo ofufuza a m'masukulu aukachenjede a ku Tanzania anapeza mtovu ndi zitsulo zina zaululu m'madzi ake ndi m'masamba othiriridwa ndi madziwo. Chimene mzinda wataya m'maŵa chimabwerera pa mbale madzulo. Amene amadya ndiwo za m'mphepete mwa Mudi ndi Lingadzi achita bwino kulingalirapo.

Dimba la m'thumba limathandiza banja lopanda malo. Thumba la chimanga limadzazidwa dothi losakaniza ndi manyowa a zoola zija, pakati pake pamaikidwa mzere wa timiyala woimirira kuti madzi azifika pansi, ndipo m'mbali mumaboolidwa mabowo obzalamo mpiru, chainizi kapena bonongwe. Matumba atatu kapena anai kuseri kwa nyumba, othiriridwa ndi madzi otsukira mpunga ndi ndiwo, amachepetsa maulendo a ku msika. Apa zinthu zinai zija zimakumana: zoola zapereka manyowa, denga lapereka madzi, phulusa la mbaula laloŵa m'nthaka, ndipo banja ladya.

Malire a mphamvu ya banja

Nkosayenera kunamiza mabanja kuti ntchito za manja ao zokha zidzachiritsa mzinda. Nyumba zambiri za ku Ilala ndi zija za zipinda zisanu ndi chimodzi, khonde lapakati ndi bwalo lakumbuyo, m'mene banja lililonse limachita lendi chipinda chimodzi. Wa lendi sangakhome lata padenga kapena kukumba dzenje la manyowa popanda chilolezo cha mwini nyumba, ndipo sangataye ndalama pa nyumba imene angatulutsidwemo mwezi wa maŵa. Ndiponso palibe mgolo umene ungaletse Msimbazi kusefukira. Nchifukwa chake mu 2022 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza ngongole ya madola 200 miliyoni yokonzera chigwa chimenecho. Ngalande, milatho, magalimoto a zinyalala ndi kulanga mafakitale othira ululu m'mtsinje ndi udindo wa boma ndi makhonsolo. Ku Malaŵi lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala linaikidwa mu 2015, ndipo Khoti Lalikulu la Apilo linalitsimikiza mu Julayi 2019, koma milandu inapitirira kulichedwetsa zaka zingapo pambuyo pake. Mutu umodzi susenza denga. Banja lichite zake, ndipo atsogoleri a mpingo akhale ndi mau okumbutsa olamulira kuchita zao.

Komabe mbali ya banja siichepa chifukwa cha zimenezi. Khonsolo ingathe kugula galimoto, koma siingathe kuima m'khitchini ya munthu aliyense. Ndipo phindu loyamba la ntchito zimenezi limagwera banja lenilenilo: ndalama ya makala imatsala m'thumba, mwana sadwala m'mimba kaŵirikaŵiri, mai sapuma utsi tsiku lonse. Palinso phindu lina losaŵerengeka ndi ndalama, ndilo lakuti mwana amene waumba makala ndi atate ake, nasoka pilo wa dengu ndi amai ake, amakula akudziŵa kuti manja ake angathe kukonza chinthu. M'mera mpoyamba. Pamenepa abambo achenjere kuti zonsezi zisasanduke katundu wina woonjezera pamutu pa amai ndi atsikana. Kupinda lata, kukumba dzenje ndi kusenza dothi ndi ntchito zoyenera abambo ndi anyamata a pakhomo.

Zopempha kwa Sinodi

Zinthu zinai zikuikidwa pamaso pa nthumwi kuti zizilingalire. Choyamba, nyumba ya mbusa aliyense ikhale ndi dzenje la manyowa, mgolo wa madzi a padenga ndi mbaula yosunga moto, pakuti anthu amatsanzira zimene aona msanga kuposa zimene amva. Chachiŵiri, pa misonkhano ikuluikulu ndi pa maukwati ochitikira pa tchalitchi pakhale ndowa zopatulira zinyalala, ndipo chakudya chigaŵidwe m'mbale zotsukika. Chachitatu, magulu a amai, a abambo ndi a achinyamata apatule masiku ophunzitsana ntchito zimenezi, ndipo aphunzitsi ake akhale amisiri ndi oumba mbiya a mumpingo momwemo, olipidwa moyenera. Chachinai, akristu amene ali ndi nyumba za lendi alole okhalamo kuika migolo ndi madimba a m'matumba, ndipo iwo eni amange zimbudzi zokwanira.

Madenga a matchalitchi ndi a sukulu za mpingo ndiwo aakulu koposa m'midzi yambiri, ndipo mvula ikubwerayi idzagwa pa onsewo. Nkwabwino kuti Sinodi ikadzakumananso, presibitale iliyonse idzanene kuti ndi madenga angati amene madzi ake anasungidwa, ndi nyumba zingati za abusa zimene zinayamba ntchitoyi.