Msewu Udzere Pati? Nkhani ya Makomboni a ku Lusaka

Omvera amene anayendapo ku Zambia akuwadziwa makomboni a George, Chawama, Chaisa ndi Chipata mumzinda wa Lusaka. Makomboni amenewa anakula popanda chilolezo, ndipo kwa zaka zambiri akuluakulu a mzindawo ankaona ngati mankhwala ake n'kugwetsa. Koma munthu ukamugwetsera nyumba sasanduka mphepo. Amatola malata ake, nakamanganso kuseri kwa chulu china, kutali ndi ntchito ndiponso kutali ndi madzi. Motero vuto lija limangosamuka.

Kenako boma la Zambia linasintha maganizo. M'chaka cha 1974 linakhazikitsa lamulo lolola kuti anthu a m'makomboni apatsidwe chiphaso chokhalira pamalo awo kwa zaka 30, ndipo Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inapereka ngongole yokonzera misewu, mipopi ndi sukulu.

Tsono chimene chiyenera kukumbukiridwa kwambiri pa ntchitoyi ndi m'mene anadulira misewu. Katswiri wokhala mu ofesi akajambula msewu, mzere wake umawongoka bwino papepala, chifukwa pepala silisonyeza pamene pamadikha madzi m'dzinja, kapena njira imene amayi amadzera popita kumsika. Ku Lusaka atsogoleri a m'komboni ankayenda pansi pamodzi ndi akatswiriwo, kuona nyumba ndi nyumba, kukambirana ndi kutsutsana, kufikira atagwirizana podzera msewu. Funso silinali lakuti msewu uli bwino kapena ayi, aliyense ankaufuna. Funso linali lakuti ukadzera apa, agwetseredwa nyumba ndani, nanga akakhala kuti? Amene msewu unawapeza anapatsidwa mapuloti pamalo oyandikana ndi komboni yawo yomweyo, kuti asasiyane ndi abale ndi ntchito zawo. Nyumba zinagwa ndithu, koma mkangano unachepa kwambiri, popeza chigamulocho chinali cha eni ake.

Komabe panali mbali ina imene sinayende. Anthu anayenera kulipira kangachepe mwezi ndi mwezi kaamba ka madzi ndi ntchito zina, ndipo ambiri anagwa m'ngongole. Apa chinthu chimodzi chinkabala chinzake. Zinyalala zikapanda kuchotsedwa, munthu ankaona kuti palibe cholipirira. Iye akaleka kulipira, khonsolo inkasowa ndalama zochotsera zinyalalazo. Mnansi wake naye, poona kuti wosalipira sanachitidwe kanthu, ankabweza ndalama yake m'thumba. Kutseka mpopi nako kunali kovuta, pakuti mpopi umodzi unkatumikira nyumba ngati 25, ndipo kuutseka kukanalanga ndi olipira omwe. Andale nawonso sanafune kudana ndi anthu awo pokakamiza ngongole.

Kuzungulira kotereku ndiko kumene Jay Forrester wa ku America anayesa kuwerengera pa kompyuta m'buku lake la Urban Dynamics la 1969, momwe anati kumangira osauka nyumba zotsika mtengo popanda kuganizira za ntchito kungathe kuwonjezera umphawi mumzinda. Ambiri anamutsutsa, ndipo mwina ndi chifukwa chomveka, pakuti osauka enieniwo sanakhale nawo pamene ankalemba ziwerengerozo.

Ku Lusaka eni komboni analipo, koma mawu awo anamveka kwambiri pa za misewu kusiyana ndi pa za malipiro. Msewu anauyenda ndi mapazi awo. Mtengo wa pamwezi unachokera ku ofesi.