Kodi Mphamvu za Thupi Zimachokera Kuti?



Tikaona mwana akuwodzera m'kalasi, kapena mayi woyembekezera akungopumira kumunda, timafulumira kunena kuti ndi ulesi. Tisanaweruze, tiyeni tione zimene zimachitika m'thupi mwathu.

Thupi linapangidwa ndi tizigawo tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. Tikadya nsima, mbatata kapena chinangwa, chakudyacho chimagayidwa n'kusanduka shuga wotchedwa gulukosi. Magazi amanyamula shugayo, pamodzi ndi mpweya wa okosijeni wochokera m'mapapo, n'kukatula ku selo lililonse. M'selomo muli timbaula totchedwa mitokondiriya. Mmenemo shuga amapsa pang'onopang'ono, popanda lawi, ndipo mphamvu zake zimalongedwa m'timaphukusi totchedwa ATP, timene selo limagwiritsa ntchito. Chotsala ndi madzi ndi mpweya woipa umene timaupumira kunja.

Tonse tikudziwa kuti makala sayaka bwino popanda mpweya. Okosijeni akakhalapo, kachidutswa kamodzi ka shuga kamapereka ATP pafupifupi 30. Akasowa, kamapereka 2 basi. Ndipo kuti magazi anyamule okosijeni pamafunika ayironi, amene timamupeza m'nyemba, usipa, nyama ndi masamba obiriwira. Ichi n'chifukwa chake munthu wochepa magazi amatopa msanga ngakhale akhute nsima.

Thupi lili ndi nkhokwe zake. Shuga wotsala amasungidwa m'chiwindi ndi m'minofu, koma nkhokwe ya m'chiwindi ndi yaing'ono: magalamu pafupifupi 100 mwa munthu wamkulu, ndipo imatha pa tsiku limodzi lokha munthu akapanda kudya. Njala ikapitirira, thupi limawotcha mafuta ake ndiponso minofu yake yomwe, monga banja lodya mbewu yodzala.

Taganizirani tsono za mwana amene wagona ndi njala, m'mawa n'kupita kusukulu osadya. Ubongo wa munthu wamkulu umatenga gawo limodzi mwa magawo 5 a mphamvu za thupi likamapumula, ndipo wa mwana umatenga koposa pamenepo. Mwanayo si waulesi ayi. Mbaula yake yasowa makala.

Choncho, abale anga, nkhani ya chakudya ndi nkhani ya chilungamo, kuyambira pa mkeka pamene timadyera mpaka kwa atsogoleri amene timawasankha.

Mafunso okambirana m'mphakati:
1. Pakhomo pathu, ndani amalandira ndiwo zabwino, ndipo ndani amadya zotsala?
2. Tikakolola, timasiya chimanga chokwanira tisanagulitse?
3. Tingagwirizane bwanji ndi komiti ya sukulu kuti ana azilandira phala m'mawa?