Kusaka Zimbale za Kaunjika mu Mzinda wa London

 Komiti yandipempha kuti ndifotokoze kumene munthu angapeze nyimbo za classical pa mtengo wotsika mu London, popeza ambiri a ife timapitako ku ntchito, ku maphunziro kapena kukaona ana. Cholinga chake n'chakuti kwaya ya sukulu yathu ikhale ndi zimbale ndi mabuku akeake. Ana athu amaimba Hallelujah ya Handel chaka ndi chaka, koma ambiri sanamvepo Messiah yense kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Choyamba, musadalire zimene munaona kale. Masitolo ambiri amene akuluakulu athu ankawadziwa anatha. Tower Records ya pa Piccadilly Circus kulibenso, ndipo Harold Moores, sitolo ya mu Great Marlborough Street imene inkagulitsa zimbale zatsopano ndi zakale zomwe, inatsekedwa mu 2017. HMV ya pa 363 Oxford Street inatsekedwa mu 2019 n'kutsegulidwanso mu 2023. Chimene chinagwetsa malondawa n'chakuti anthu tsopano amamvera nyimbo pa intaneti. Koma kwa ife tsoka lawolo ndi mwayi, chifukwa anthu akutaya ma CD amene anawasonkhanitsa zaka makumi atatu.

Kodi ma CD amenewa amapita kuti? Ambiri amathera m'masitolo a mabungwe othandiza anthu, monga Oxfam ndi British Heart Foundation. Mwini zimbale akamwalira, kapena akasamukira m'nyumba yaing'ono, abale amanyamula makatoni onse n'kukapereka kumeneko kwaulere. Oxfam ili ndi masitolo ena a mabuku ndi nyimbo zokhazokha, ndipo amenewo ndiwo oyambirako. Langizo langa ndi lakuti muzipita m'madera a anthu opeza bwino monga Hampstead, Marylebone ndi Richmond, pakuti katundu wa m'sitolo zotere amafanana ndi eni dera. Ku Notting Hill Gate, sitolo ya Music and Video Exchange inatchuka ndi mwambo wotsitsa mtengo wa chimbale chikakhalitsa osagulidwa. Dziwaninso kuti kumeneku si ku Limbe: mtengo ndi umene walembedwa, kunenerera kulibe.

Za mabuku a nyimbo, pitani ku Cecil Court, kanjira kakang'ono kotuluka mu Charing Cross Road, kumene kuli Travis and Emery, sitolo yogulitsa mabuku a nyimbo akale. Pano ndichenjeze. Mukamagulira kwaya mabuku a Messiah, onse akhale amtundu umodzi, mwachitsanzo a Novello okonzedwa ndi Watkins Shaw. Mukasakaniza, masamba sagwirizana, ndipo woimbitsa akati tsamba lakutilakuti, theka la kwaya litsegula pena. Funsaninso ngati ali ndi mabuku a tonic sol-fa, njira imene John Curwen anafalitsa ku England ndipo inafika kwathu ndi amishoni, chifukwa ndiyo imene ana athu ambiri amawerenga.

Nanga mugule chiyani? Yang'anani dzina la kampani. Deutsche Grammophon, ya chizindikiro chachikasu, Decca, EMI ndi Philips kawirikawiri sizikhumudwitsa. Naxos, imene Klaus Heymann anayambitsa ku Hong Kong mu 1987, inabwera dala ndi zimbale zotsika mtengo, ndipo za kaunjika zake zimapezeka paliponse. Musaope chimbale chifukwa chakuti chinajambulidwa kale. Jacqueline du Pré anajambula Cello Concerto ya Elgar mu 1965, Glenn Gould anajambula Goldberg Variations ya Bach mu 1955 ndiponso mu 1981, ndipo mpaka lero anthu akuzifunabe. Mukaona dzina la Samuel Coleridge-Taylor, tengani. Iyeyu anabadwira mu London mu 1875, bambo ake anali a ku Sierra Leone, ndipo Hiawatha's Wedding Feast yake ya mu 1898 inaimbidwa ndi makwaya ochuluka ku England. N'kofunika kuti ana athu adziwe kuti mwana wa munthu wa mu Africa analembapo nyimbo zotere.

Tsono chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Tsegulani bokosi lililonse musanalipire. Onani ngati chimbale chili m'katimo ndicho chalembedwa kunja, ndipo ngati bokosi ndi la zimbale zingapo, ziwerengeni. Messiah wathunthu amatenga ma CD awiri, nthawi zina atatu. Chimbale chimodzi chokha ndiye kuti ndi zigawo zosankhidwa. Pendeketsani CD pa kuwala kuti muone ngati yakalika kwambiri. Kabuku ka m'kati kasasowe, chifukwa ndimo muli mawu a nyimbo. Malekodi akuluakulu akuda aja asiyeni: ndi olemera m'chikwama, ndipo amapindika ndi kutentha kwa mwezi wa October.

Mwina wina afunsa kuti, bwanji osangomvera pa foni? Inu mukudziwa mtengo wa bandulo, ndiponso m'mene netiweki imavutira kusukulu kwathu. CD mukagula kamodzi yakhala yathu, ndipo mphunzitsi akhoza kubwereza gawo limodzi kakhumi mpaka a tenala atamva pamene akulowera.

Pempho langa ndi ili: aliyense wopita ku London chaka chino apatule masana amodzi, abweretse zimbale zisanu kapena mabuku awiri. Asananyamuke afunse kwa mlembi wathu mndandanda wa zimene zapezeka kale, kuti tisadzaze kabati ndi Four Seasons ya Vivaldi yokhayokha. Bungwe lino ligule wailesi yoimba ma CD, ndipo aphunzitsi a nyimbo azisunga kaundula wa obwereka.