Chidule cha Khutuba ya Ijumaa: Liwiro la Phazi ndi Matenda a Shuga

Kuyamikidwa konse nkwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad (S.A.W).

Abale ndi alongo m'Chisilamu, kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 adapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 adali ndi matenda a shuga. Ena otere timaima nawo mzere umodzi pa Swala.

Makolo athu ankapalasa bwato ndi kukoka khoka ku Makawa ndi ku Malindi. Lero ambiri timaswera pampando m'golosale, ndipo ngakhale kuoloka mlatho wa Bakili Muluzi tiitana njinga yamoto. Mtanda wa nsima sudachepe, shuga m'tiyi ndiye wawonjezeka, mimba nkumatsogola, chikhalirecho ndime 31 ya Surat Al-A'raf ikutiletsa kupyola muyeso pa kudya ndi kumwa.

Wina adzati: "Ine ndimayenda kasanu patsiku kupita kumzikiti." Malipiro ake alipo kwa Allah, ndipo Mtumiki (S.A.W) adatilamula kudza ku Swala modekha, osathamanga. Koma minofu imafunanso nthawi yake ya thukuta. Ikagwira ntchito molimbika imayamwa shuga wa m'magazi ngakhale mwa munthu amene insulin yake idafooka mphamvu, ndipo phindu limeneli limakhala tsiku limodzi kapena awiri, kenako nkuzilala. Nchifukwa chake madokotala amati asapyole masiku awiri tili khale.

Malangizo a WHO a 2020 amatchula mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za kuyenda kwa ndawala, kapena mphindi 75 mpaka 150 za ntchito yopumitsa wefuwefu. Muyeso wake sulira makina. Ngati tikutha kuyankha salamu ndi kucheza, koma mpweya sukukwana kusoma sura mokoka mawu, tili pa ndawala yoyenera. Ngati tikungotha mawu awiri kapena atatu nkupuma, tafika pa mlingo wachiwiri. Ngakhale sikelo isasunthe, mafuta ozinga chiwindi ndi matumbo amachepa, ndipo amenewo ndiwo oopsa.

Amene adapita ku Hajj akudziwa kuti pakati pa Safa ndi Marwa pali maulendo 7, mtunda wopitirira makilomita atatu, ndipo amuna amafulumiza pakati pa nyali zobiriwira nkubwerera pa mayendedwe awo. Ibada imeneyo cholinga chake nchina, koma kusinthanitsa liwiro kotere tingakutengere pamsewu wa ku Mpondasi: mphindi ziwiri mofulumira, ziwiri modekha. Amuna tisatsekereze amayi pakhomo, Mtumiki (S.A.W) adachitapo mjaha ndi mayi Aisha (R.A).

Onenepa kwambiri ndi odwala kale ayambe akayezetsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi kuchipatala, ndipo ayambe ndi mphindi khumi akatha kudya. Obaya insulin kapena akumwa glibenclamide aziyenda ndi kanthu kotsekemera m'thumba, pakuti shuga angatsike mwadzidzidzi. Kunjenjemera ndi chizungulire ndizo zizindikiro. M'nyengo yotentha ya Okutobala tisankhe nthawi yotuluka ku Swala ya Subuhi. Tivale nsapato ngakhale pamchenga wa kunyanja, ndipo pochita udhu tiziyang'ana pakati pa zala za kumapazi, chifukwa phazi la wodwala shuga limatha kukhala ndi bala mwini wake osamva kuwawa.