KUNENEPA KOPITIRIRA NDI KHUNGU LATHU

 Nkhani imene tabwera nayo ndi ya thupi lathu, makamaka khungu.

Kwathu kuno munthu akanenepa timamuyamikira kuti akusungidwa bwino. Komatu kunenepa kukapitirira muyeso ndi matenda. Bungwe loona za umoyo la WHO linanena kuti m'chaka cha 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse pa dziko lapansi anali wonenepa mopitirira muyeso.

Kale anthu ankayesa kuti mafuta a m'thupi ali ngati chimanga cha m'nkhokwe, chimene chimangokhala phee kudikira njala. Koma m'chaka cha 1993 akatswiri aŵiri a ku Boston, a Hotamisligil ndi a Spiegelman, anapeza kuti mafuta a mbeŵa zonenepa amatulutsa chinthu chotchedwa TNF, chimene thupi limatulutsa likamalimbana ndi matenda. Mu 1995 anapezanso zomwezo mwa anthu. Ndiye kuti mafuta akachuluka, thupi limakhala pa nkhondo usana ndi usiku popanda mdani. Madokotala amati kumeneku ndi kutupa kwa m'kati kosatha. Sikuŵaŵa ayi, koma kumanyeka ngati chikuni chokwiriridwa m'phulusa.

Nanga khungu likuloŵapo bwanji? Mphamvu ya khungu ili mu timinyeŵa totchedwa kolajeni, timene tili ngati ulusi wa nsalu. Kutupa kosatha kumasokoneza kalukidwe ka ulusi umenewu. Ndiponso magazi sayenda mokwanira m'mafuta ochindikala. Chifukwa chake khungu limang'ambika msanga ndipo chilonda chimachedwa kupola. Ngakhale bala la opaleshoni yobereka limathukusira kaŵirikaŵiri mwa mayi wonenepa kwambiri.

Amayi, pano tili tokhatokha, tiyeni tinene poyera. Pansi pa maŵere, pansi pa mimba ndi m'mphechepeche khungu limakhudzana. Thukuta limakhalira m'menemo, khungu limanyuka, limafiira ndi kuyabwa, tizilombo nkupezapo poloŵera. Ambiri timabisa chifukwa cha manyazi mpaka chilonda chitakula.

Chizindikiro china ndi khosi kapena m'khwapa kuda bii ndi kukhuthala. Ena amaseka kuti mwiniwake sasamba. Si litsiro limenelo ayi. Nthaŵi zambiri ndi chenjezo lakuti thupi layamba kukana insulini, ndipo matenda a shuga angakhale ali pafupi. Tikamakhula ndi mwala timangodzipatsa zilonda. Mafuta ena oyeretsa khungu nawo ali ndi mankhwala amene amalipepetsa, kotero kuti limang'ambika mosavuta.

Tsono tichite chiyani? Choyamba, tibwereke tepi ya atelala, tiyeze mimba cha pamchombo. Kwa mayi wosayembekezera, ikapitirira masentimita 88 chiopsezo chakula ndithu. Chachiŵiri, tikasamba tipukute m'mapindo monse muume, ndipo tivale zamkati za thonje. Chachitatu, chilonda chimene sichikupola, makamaka cha kumwendo kapena kuphazi, tithamange nacho ku chipatala, tikapimitsenso shuga. Chachinayi, tichepetse shuga m'tiyi, mafuta m'ndiwo, mandasi ndi zakumwa za m'mabotolo. Mitanda ya nsima ichepe, masamba ndi nyemba zichuluke. Tiyende ndawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata.

Sitikunena kuti tiwonde ngati bango. Mayi wolemera makilogalamu 90 akatsitsa makilogalamu 5 mpaka 9, thupi limayamba kale kupepukidwa ndipo kutupa kuja kumachepa. Paja akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Pomaliza, tisasekane. Kunenepa kwina nkwa kumtundu, kwina kumadza ndi uchembere kapena mankhwala. Tikapita kukazonda mnzathu wogona pa mphasa, tisangosiya phala nkubwerako. Timuthandize kutembenuka, timupukute, tione ngati khungu layamba kunyuka kumsana ndi m'matako. Ife ndife ogwira mthiko m'nyumba zathu, choncho kusintha kuyambire pa mafuwa athu.